Zipande za a Kopolo

"Unafuna kundiphera ukwati ndi chipande, lero ukufuna kupha wa mwana wako ndi mbale! Udzakula liti iwe Fabiyano?"

Anakuwa choncho ndi achemwali anga a Rozina, ataima pakati pa bwalo la nyumba yanga, chitenje atamanga m'chiuno ngati abwera kudzamenyana. Mbale imene ankanenayo inali chadodolido pa fumbi, nthuli za nkhuku zili mbwee, galu akuzidya. Ndinaiponya ndine, sindikana. Zaka ndadutsa makumi anayi, ku sekondale ndinafika, m'maofesi ndagwiramo ntchito, koma mtima wanga ndi wapachala. Ukapsa, dzanja limayamba lachita, mutu n'kumabwera pambuyo ukutsimphina.

Nkhani yake inali iyi. Mwana wanga Agnesi anabwera ndi mnyamata kuti tidzamuone, mphunzitsi wa ku Lisungwi, dzina lake Yusufu. Ine ndinapha tambala ndi manja angawa, amayi ake n'kuphika bwinobwino. Titakhala pa tebulo, mnyamatayo ankangosusa nyemba ndi mpiru, nyama osaiyang'ana. Ndinamukankhira mbale kawiri. Kachitatu anati, ndi ulemu wake wonse, "Pepani bambo, nkhuku yosazinga sindidya. Nyembazi zandikwanira." Ine ndinamva ngati wanena kuti manja anga ndi auve. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano. Mbale inauluka, mnyamata anakwera njinga yake, Agnesi anakadzitsekera kuchipinda, ndipo a Rozina, amene amakhala kuseri kwa nthochi zathu, anatulukira ali wefuwefu.

Kukuwa kwawo sikunandiopse, ndinakuzolowera. Chimene chinandikhazika pansi pa khonde ndi liwu lija loti chipande. Zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikuganiza kuti nkhani yeniyeni ya chipande tinkaidziwa anthu awiri okha, ine ndi a Kopolo, ndipo a Kopolo anapita nayo kumanda.

A Kopolo sanali m'bale wathu. Nyumba yawo inali kumunsi kwa yathu, m'mudzi wathu wa m'mapiri panjira yochoka pa Neno kupita ku Matandani. Ndikawakumbukira, chimayamba kundipeza ndi fungo: anyezi akupsa m'mafuta, utsi wa nkhuni za msuku, ndi kafungo kena kachilendo ka chikasu ndi tsabola zimene ankasinjira pamwala, kamene m'mawa wa mu Juni, nkhungu itaphimba mapiri onse, kankakwera chitunda n'kudzatipeza ana titaunjikana kukhoma kudikira dzuwa, mano akugundana. Pambuyo pa fungolo pankabwera phokoso la mpeni pa thabwa, go go go, lofulumira kuposa la mayi aliyense m'mudzimo, kenako mawu awo, chifukwa khutu lawo lakumanzere linafera ku nkhondo ndipo ankayankhula ndi munthu wapafupi ngati ali kutsidya kwa mtsinje.

Anabwerako ku nkhondo ine ndili wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anzawo anabwera ndi nkhani za mfuti ndi ndege. Iwo anabwera ndi chimpoto chachikulu chachitsulo, mipeni iwiri, ndi nkhani za zakudya, pakuti usilikali wawo wonse anali wophika. "Mfuti ndinawombapo kawiri," ankatero, "kamodzi ndinaphonya, kachiwiri ndinapha bulu wa boma. Nkhondo yanga ine inali ya miphika."

Ankati chimene chinawatsegula maso chinachitika ku Bama. Wophika mnzawo, mafuta atamuthera, anakazingira ndiwo m'mafuta a nkhumba, ndipo zinadziwika. Asilikali a Chisilamu sanatukwane, sanamenye munthu. Anangokankha mbale n'kukhala pansi, tsiku loyamba, tsiku lachiwiri. "Anthu oti mawa akukakumana ndi zipolopolo," ankatero a Kopolo, "mimba ili gwaa, koma asankha njala. Ndinati ayi, apa pali chinthu chimene ine sindikuchidziwa." Kuyambira pamenepo anayamba kufunsa. Aliyense wa chipembedzo chachilendo amene anakumana naye, m'sitima, m'misasa, m'misika ya ku Siloni ndi ku Indiya, ankamufunsa mafunso atatu omwe omwewo: Kodi inu simudya chiyani? Akufa anu mumawatani? Nanga mlendo akafika pakhomo panu? Za kumwamba ankati amafunsa pomaliza, chifukwa kumeneko aliyense amayankha zimene anamva, pomwe zitatuzi munthu amayankha zimene amachita.

Tinkamva zimenezi titakhala pa khonde lawo masana, tikusenda mbatatesi kapena kusankha nyemba, chifukwa pa a Kopolo nkhani yaulere panalibe. Anatiuza za amuna a ku Siloni ometa mpala, ovala nsalu zachikasu, oyenda m'mawa pamzere ndi mbale zawo osapempha ndi pakamwa, ndipo dzuwa likafika pamutu sadyanso mpaka mawa. "Buda wawoyo sanena kuti ndi Mulungu. Amati ndi mphunzitsi. Ndinafunsa kawiri, ndimaganiza kuti ndi khutu langali." Anatiuza za ng'ombe za ku Indiya zoyenda mumsika n'kumadya masamba a wogulitsa, mwini wake osaimenya, ndi za maliro owotcha m'mbali mwa mtsinje. "Tsiku loyamba ndinasanza. Tsiku lachiwiri ndinayang'ana mwana wa malemuyo, ndipo kulira kwake kunali kwa kwathu konkuno." Panalinso anthu a ndevu ndi nduwira amene m'nyumba yawo yopemphereramo ankadyetsa aliyense wolowa, wolemera ndi wosauka atakhala pansi mzere umodzi. A Kopolo anakadyako katatu, ati pofuna kutsimikiza. Ndipo dokotala wina Myuda anawadabwitsa pokana nkhumba ndi kupuma Loweruka. "Ndinamuuza kuti bwana, abale anu a Sabata ndinawasiya ku Matandani."

M'mudzi mwathumo zipembedzo zinali zokwanira kale. Ife tinali Akatolika, Lachisanu nyama ayi. Theka lina la mudzi linali la a Sabata, osadya nkhumba, mbewa ngakhale mlamba. Pa Neno, pa khonde la sitolo ya Mmwenye, panali telala wa Chiyao, Che Amidu, amene Lachisanu masana ankafunditsa makina ake nsalu, pomwe mwini sitoloyo anali Mhindu wosalawa nyama ya mtundu uliwonse. Okalamba ena, mvula ikavuta, ankazemba ndi kaufa kupita patsinde pa mpoza. A Kopolo ankati, "Kuno Mulungu timamupumitsa masiku atatu pa sabata, n'chifukwa chake mvula imachedwa."

Koma sankalola munthu kunena kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi. Ukatero ankakukalipira. "Ulesi umenewo! Nyemba si nandolo. Mhindu ndi Msilamu akhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa, ndipo onse akudziwa chimene akunena. Iwe mvetsa kaye kusiyana kwake." Mphunzitsi wathu wa katekisimu anawafunsa tsiku lina, atawapeza akumwa thobwa ndi mkulu wa a Sabata, "Kodi a Kopolo, inu kwenikweni ndinu a mpingo uti?" Iwo anati, "Lamulungu mumandiona kumbuyo kuja. Masiku enawa ndine wa kukhitchini."

Pambuyo pake ku sekondale tinaphunzira zipembedzo za dziko lapansi. Aphunzitsi anajambula mizere pa bolodi: woyambitsa, buku lake, chikhulupiriro chake. Ndinaloweza, ndinakhoza bwino. Koma ndinene mosabisa, bolodi lija silinandiuze zimene munthu amachita ukamuikira mbale patsogolo. Zimenezo anandiphunzitsa ndi wophika wosatha kulemba kalata.

Pansi pa denga la khitchini yawo pankalendewera zipande zitatu. Chimodzi chinali ndi mzere umodzi wowotcha ndi waya pa chogwirira: chimenecho chinali cha nkhumba ndi zonse zimene ife tinkadya. China chinali ndi mizere iwiri: chimenecho sichinakhudzepo nkhumba, ndipo chinkalowa mu nyama yokhayo imene wazinga Che Amidu, kuti iye ndi a Sabata adyere pamodzi. Chachitatu chinalibe mzere, sichinalawepo nyama chibadwire, ndipo chinkatsika kamodzikamodzi Mmwenye uja akabwera kudzagula tirigu n'kudya nyemba. Miphika nayonso inali ndi mbali zake. Chifukwa cha zipande zimenezi, pa maliro ndi pa maukwati onse a anthu osakanikirana wophika anali a Kopolo. Munthu ankafika, n'kufunsa kuti waphika ndani, akamva kuti a Kopolo ankasamba m'manja osafunsanso.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, a Rozina anapeza mwamuna, a Elisoni, kalipentala wa ku Matandani, wa Sabata. Inali nkhondo. Kwathu kawirikawiri mwamuna ndiye amasamukira kwa mkazi kukakhala mkamwini, ndiye abale a a Elisoni ankaona kuti akutaya mwana wawo pakati pa makola a nkhumba, kumene adzadyetsedwe zonyansa iye osadziwa. Bambo anga, amene ndinatengera mtima wawo, ankaweta nkhumba zisanu ndi ziwiri ndipo ankazinyadira kuposa ana. Kutchalitchi zinali zovuta mbali zonse ziwiri, choncho akuluakulu anagwirizana zomanga ukwati wa pamudzi, wa ankhoswe. Ngakhale tsiku linavuta. Lachisanu ife sitidya nyama, Loweruka iwo sayenda, Lamulungu ife tili ku Misa. A Kopolo anadula nkhani: "Lachinayi lilibe mwini."

Bambo anati pa ukwati wa mwana wawo nkhumba ifa basi, wosafuna akhale kwawo. Atsibweni a mkwati, a Yesaya, munthu wamtali wouma ngati mtengo wa m'munda, wosaseka, anati iwo abwera ndipo adzadya, koma pokhapokha ngati moto uli pawiri ndipo wophika ndi a Kopolo. Anawonjezera kuti akadzaona chachilendo chilichonse m'mbale, adzanyamuka ndi mwana wawo, nkhani ithere pomwepo. A Rozina anamva mawu amenewa ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo sabata yonse ankangowonda.

Lachinayi lija kunacha bwino. Che Amidu, amene anasoka diresi la a Rozina ndipo anaitanidwa ngati mlendo, anazinga mbuzi m'mamawa. Kuseri kwa nyumba ya a Kopolo kunayaka moto pawiri, wina pafupi ndi nthochi, wina pafupi ndi mtengo wa manachesi. Uku nkhumba inkabwata m'mafuta ake, yoyera, ya mchere ndi anyezi basi, monga bambo ankaikondera. Uko mbuzi inkawira mumphika waukulu wadothi, msuzi uli chikasu, fungo lake likukokera agalu a midzi itatu.

Ine ndinkatunga madzi. Ulendo wachinayi ndinakumana ndi Yoweli, mng'ono wake wa mkwati, msinkhu wanga, atavala nsapato. Ine nsapato ndinali ndisanavalepo. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kugwira mphuno.

"Usayandikire mphika wathu iwe, ukununkha khola."

"Ukuti chiyani?"

"Ndati achimwene akadzayamba kukhala kuno muyambe kusamba, odya nkhumba inu."

Ndowa ndinaitula bwinobwino, chifukwa inali ya a Kopolo. Kenako ndinamupatsa chibakera cha pamphuno. Analira ngati mbuzi ija, anthu anathamangira, ndipo amayi, poopa kuti alendo anyamuka, anandikoka khutu pamaso pa anthu onse n'kundigwaditsa kuti ndipepese. Ine kugwada, Yoweli ataima ndi nsapato zake. Zimene iye ananena palibe anafunsa.

Ndinabwerera kukhitchini m'mutu mukulira ng'oma. A Kopolo anali atalowa m'nyumba kukatenga mchere, amayi othandiza ali kutsogolo kukaona mkwatibwi. Ndinazula chipande cha mzere umodzi mumphika wa nkhumba, mafuta akuchucha, n'kudutsa nacho bwalo lonse lija. Ndinachimiza mumphika wa mbuzi. Ndinatakasa katatu, ndikunena mumtima kuti lero tinunkha tonse. Kenako ndinachibwezera m'malo mwake, n'kupukutira dzanja pa malaya. Ndikunena zoona, ndinamva kukoma.

A Kopolo anatuluka akuimba kanyimbo kawo ka usilikali. Anathira mchere mu nkhumba, anagwira chipande kuti atakase, n'kuima. Chipande cha nkhumba chinali chachikasu mpaka m'khosi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana malaya anga. Munthu amene moyo wake wonse ankakuwa, tsiku limenelo anayankhula motsitsa.

"Kangati?"

"Katatu."

Ndinadikira mbama. Sinabwere, ndiye ndinalimba mtima. "Sadziwa, a Kopolo. Kukoma n'komweko. Angodya basi. Kodi afa?"

"Safa."

"Nanga?"

"Nanga ine mawa ndiwapatsa moni ndi nkhope iti?" Anakhala pa mtondo, chipande chili m'manja. "Tamvera Fabiyano. Munthu wodya m'mbale yako osasuzumira kukhitchini wakusungitsa Mulungu wake. Ngati ukuona kuti akulakwitsa, kakangane naye pabwalo masana, ine ndidzakubwereka mafunso. Koma chosungitsidwa sachiseweretsa. Tiye."

Ndinawatsatira. Alendo anali atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, beseni la madzi osamba m'manja litafika kale. A Kopolo anavula chipewa, anagwada patsogolo pa a Yesaya, n'kukuwa monga mwa masiku onse, mwakuti anamva ndi a kukhitchini omwe.

"Akuluakulu, musasambe m'manja. Chipande cha nkhumba chalowa mumphika wanu."

Kenako amayi a ku Matandani anayamba kumanga timitolo tawo. A Elisoni anazolika. M'nyumba, mmene munali a Rozina ndi diresi lawo latsopano, nyimbo inaduka pakati. Bambo anadzambatuka maso ali psuu.

"Ndani wachita zimenezi? Mutchuleni, ndimuthyole!"

"Kukhitchini kulibe ndani," anatero a Kopolo osatembenuka. "Wophika ndi ine."

Ine ndinali kumbuyo kwawo, manja nditapinda pachifuwa kubisa malaya. Ndikanatha kunena. Sindinanene.

A Yesaya anayang'anitsitsa a Kopolo. Kenako anafunsa, "Mukanakhala chete, ife tikanadziwa?"

"Ayi."

"Nanga mwaneneranji?"

"Chifukwa mwana wanuyu adzadya m'mudzi muno masiku onse a moyo wake, ndipo inu simudzakhalapo kuti mulawe. Ndi bwino mudziwe lero ngati kuno timanena kapena timabisa. Mukandipatsa nthawi, ndili ndi mbuzi yanga."

A Yesaya anayang'ana bambo, anayang'ana a Elisoni, anayang'ananso nyumba imene munali a Rozina. Kenako anatembenukira kwa amayi aja. "Masulani mitoloyo. Tinapirira njala ya chaka chathunthu ija, ya masana amodzi singatiphe."

Mbuzi ya a Kopolo inali imodzi yokha, mfule yonenepa imene ankaitcha Kolombo, ndipo ankaisungira Khirisimasi. Ankayankhula nayo ngati munthu. Anaimasula okha, anaitana Che Amidu, n'kundiuza kuti, "Iwe ugwira miyendo. Ndipo usangogwira ngati chitsa, funsa." Che Amidu anasamba m'manja, ananolera mpeni kuseri kwa nyumba, anaipatsa mbuzi madzi, n'kuigoneka moyang'ana chakumpoto. Ndinafunsa chifukwa chake ankachita zonsezo.

"Kumpotoko n'kumene timayang'ana popemphera," anatero. "Mpeni ndanolera kuseri kuti isauone, ndipo ndaunola kwambiri kuti isavutike. Moyo uwu si wanga, si wa a Kopolo. Ndiye ndisanautenge ndimatchula dzina la Mwini wake. Kuzinga n'kumeneko mwanawe, palibenso china. Gwiritsa."

Ndinagwiritsa. Ndinamva miyendo ya Kolombo ikukankha m'manja mwanga mpaka inaleka. A Kopolo ankayang'ana kumapiri.

Mphika wadothi uja anati wapita, dothi limamwa mafuta, ndipo kuyambira tsikulo unakhala wa mbali ya nkhumba. Anatulutsa chimpoto chawo cha ku nkhondo, ndipo ngakhale chinali choyera ndinachikwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala zinatuluka magazi, a Yesaya ataima pomwepo kuonerera. Mbuzi yoyamba ija inapita kwa achibale a bambo, amene anadya nkhumba n'kutsirizira mbuzi, ndipo otsala a iwo mpaka lero amati ukwati wa nyama m'dera lino unali wa a Rozina. A ku Matandani anadya dzuwa litapendeka. A Yesaya anatafuna nthuli yoyamba pang'onopang'ono anthu onse akuwayang'ana, n'kunena kuti, "Tsabola wachuluka." Anapempha ina. Nthungululu inalira, ankhoswe anamanga ukwati, a Rozina anatuluka maso ali ofiira koma akuseka.

A Kopolo sanandimenye, sanandinenere kwa bambo, ndipo nkhaniyi sanaitchulenso. Anangondipatsa kasemasema ndi chipika, ati chipande cha mzere umodzi chachita manyazi, chipume, ndiseme china. Ndinawononga zipika zinayi. Chachisanu anachitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti, "Chonyansa, koma chitakasa." Khirisimasi ya chaka chimenecho anadya nyemba.

A Elisoni anakhala mkamwini m'mudzi mwathu mpaka imfa yawo, ndipo nkhumba sinawadutsepo pakamwa. Amayi anawasungira mphika wawowawo. Bambo omwe aja, akapha nkhumba, ankayamba atumiza mwana kukawachenjeza kuti lero adzere njira ya kumtunda. Yoweli ndi ine sitinakondanepo kwenikweni, koma manda timakumba limodzi. A Kopolo anamwalira ine ndili ku sekondale. Pa maliro pawo panafika Akatolika, a Sabata, Che Amidu ndi anzake, ndi Mmwenye uja ataima chapatali manja atagwirizanitsa pachifuwa. Vuto linali limodzi: aphike ndani? Anthu anayang'anizana, mpaka a Elisoni anavula jekete n'kukatsitsa zipande zija.

Zonsezi zinandidutsa m'mutu ndili pa khonde langa, galu akunyambita mbale. A Rozina anali atatopa kukuwa, atakhala pa mpando wa amayi a Agnesi.

"Munadziwa bwanji, achemwali?"

"Malaya ako ankachapa ndani? Chikasu sichichoka, chitsiru iwe."

"Ndiye zaka zonsezi bwanji osanena?"

"Ndinapita nawo malayawo kwa a Kopolo. Anati musiyeni, akadzakula adzanena yekha. Ndadikira, ndatopa." Anaimirira n'kukonza chitenje. "Iwe unagwira miyendo ya mbuzi ija. Kuzinga ukukudziwa kuposa Mkatolika aliyense m'boma lino. Mwana wa eni wakuuza zoona pamaso, mmalo mobisa nyama pansi pa tebulo n'kupatsa galu. Ukufuna mkamwini wotani, wabodza?"



Musandimve molakwa. Ine ndine Mkatolika ndipo ndidzafa Mkatolika. Sindikunena kuti za Yusufu ndi zanga n'chimodzimodzi, nyemba si nandolo. Ndili ndi mafunso oti andiyankhe, atatu a a Kopolo aja ndi anga ena owawa: Agnesi azikapemphera kuti, ana adzakhala a mbali iti, ndipo ine ndikadzafa adzabwera kudzanyamula bokosi kapena adzaima patali. Tidzakangana, ndikudzidziwa. Koma mkangano umenewo ndi wa pabwalo, masana. Ine ndinautengera m'mbale, malo amodzi okhawo amene a Kopolo anandiletsa.

Kutacha ndinadzuka nkhuku zisanatsike. Ndinagwira tambala wofiira amene ndinkasungira mbewu, ndinamumanga miyendo n'kumuika m'dengu, wamoyo. Ndinatenga chipande chatsopano chimene amayi a Agnesi anagula pamsika chisanagwirepo ntchito, ndinaika waya pamoto mpaka anafiira, n'kuwotcha mizere iwiri pa chogwirira. Agnesi anatuluka maso atatupa, n'kuima pakhomo la khitchini.

"Mukutani, bambo?"

"Ukuona ngati ndikutani? Nyumba yake ili mbali iti ya sukulu?"

Anandiyang'ana, anayang'ana dengu. "Yachiwiri kuchokera pa mjigo. Ya chitseko chobiriwira."

Pa Neno ndinadikira sitolo kutsegulidwa n'kugula poto watsopano. Kenako ndinatsetsereka ndi njinga kulowera ku Lisungwi, mabuleki akulira, tambala akudandaula kumbuyo, kuzizira kwa kumapiri kukutha pang'onopang'ono mpaka malaya anamata pamsana. Sukulu inali pa tchuthi. Ndinamupeza akuchapa pakhomo, ndipo atandiona anaimirira msangamsanga, thovu lili m'manja, maso akuyang'ana ngati ndanyamula mbale ina.

Mawu oti pepani sindinawazolowere, koma ndinawatulutsa. Ndinatsitsa poto, ndinatsitsa chipande, ndinamasula dengu. Kenako ndinasolola mpeni umene ndinanolera kunyumba, tambala asakuona, n'kumupatsa chogwirira chili kutsogolo.

"Kumpoto ndi uku, eti?" ndinatero. "Kasambe m'manja, aphunzitsi. Miyendo ndigwira ine."